Ulendo wa ku Khulubvi ndi anzanu: galimoto yanu, yahayala, minibasi kapena njinga yamoto?

Kwathu kuno kulibe chipululu cha mchenga ngati cha Namib kapena Kalahari, koma amene anatsikapo phiri la ku Chikwawa mwezi wa Okutobala amadziwa kuti chigwa cha Shire chimatsala pang'ono kufanana nacho. Udzu umapserera, mitsinje ngati Mwanza ndi Lalanje imasanduka mchenga wokhawokha, milambe imaima yopanda tsamba, ndipo mphepo yolowa pazenera la galimoto imakhala ngati yachokera m'ng'anjo ya njerwa. Kumapeto kwa chigwa chimenechi, makilomita ochepa kummwera kwa boma la Nsanje, kuli msitu wa Khulubvi kumene kuli kachisi wa Mbona, malo amene Amang'anja akhala akupemphererako mvula kwa zaka mazana angapo.

Magulu a achinyamata, aphunzitsi a sekondale, ngakhale anthu a mumpingo amafunsa kawirikawiri kuti angakafike bwanji kumeneko. Ambiri amayamba ndi funso la ndalama. Ife tikuti yambani ndi funso la nthawi, chifukwa paulendowu olamula nthawi ndi awiri: dzuwa ndi eni malo. Mayendedwe abwino ndi amene angakuloleni kudikira popanda wina kukuimbirani hutala.

Kumene mukupitako

Khulubvi si malo okopa alendo okhala ndi geti ndi tikiti. Ndi msitu wopatulika, uli ndi oyang'anira ake, ndipo mwambo wake umagwira mafumu akuluakulu a Amang'anja monga Lundu, Tengani, Ngabu ndi Malemia. Mbiri imene akuluakulu amasimba imati Mbona anali wodziwa kuyitana mvula, anathawa adani ake kuchokera kumpoto, ndipo anamupha kumunsi kuno pamalo otchedwa Ndione. Amati mikondo ndi mipeni zinamulephera mpaka iye mwini anaulula chimene chingamuphe. Mutu wake ndi umene anakauika ku Khulubvi. Mwa mwambo, Mbona amakhala ndi mkazi wotchedwa Salima, ndipo amati amamuyendera ali ngati nsato. Nkhaniyi imasimbidwa mosiyanasiyana, mudzi ndi mudzi, ndipo wansembe wa Chikatolika, Matthew Schoffeleers, amene anagwira ntchito kuchigwa kuno, anatha zaka zambiri akusonkhanitsa masimbidwe amenewa. Mu 2011 boma linalembetsa Khulubvi ndi malo ena a Mbona, monga Mwala Umodzi ndi phanga la Kaloga, pa mndandanda wa UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, wa malo oyembekezera kuvomerezedwa kukhala chuma cha dziko lonse.

Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti simungangotulukira. Mmodzi wa gulu lanu alumikizane ndi ofesi ya DC ku Nsanje kapena munthu wodziwika wa m'deralo, sabata imodzi kapena ziwiri ulendo usanachitike, kuti uthenga ufike kwa mfumu ndi kwa oyang'anira kachisi. Ngakhale mutapangana tsiku, pamudzi pakhoza kugwa maliro, mfumu ikhoza kuyitanidwa ku boma, kapena angokuuzani kuti lero ayi, bwerani mawa mmamawa. Kumbukirani mawu akuti "mawa mmamawa" amenewa pamene mukusankha chokwera.

Msewu ndi umodzi, ngakhale mapu akuonetsa iwiri

Kuchokera ku Blantyre mumatsata M1 kudzera pa Milare ndi Madziabango, kutsika phiri mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Sorgin, Bangula, Tengani mpaka Nsanje. Ndi makilomita pafupifupi 180, phula njira yonse, ngakhale pena pali maenje ndi zigamba pomwe madzi anadula msewu. Pa galimoto yanu, osathamanga, ndi maola atatu ndi theka kapena anayi.

Pa foni mudzaona njira ina yokhota pa Thabwa, kudutsa kummawa kwa Shire, Livunzu, Masenjere, Muona mpaka Makhanga, ndipo mudzaganiza kuti mukhoza kupitira uku n'kubwerera uko. Musatero. Pakati pa Makhanga ndi Bangula, pa Mtayamoyo, madzi anadula njira mu 1997, ndipo anthu amawoloka pa bwato. Njanji ya sitima yochokera ku Limbe inadukanso pomwepo, choncho za sitima musaziwerengere n'komwe. Njira ya kummawayi ndi yokongola kwa amene akupita ku Fatima kapena kukaona Dambo la Njovu, koma si ya ku Khulubvi.

Galimoto yanu: ufulu wambiri, udindonso wambiri

Ngati mulipo anayi kapena asanu ndipo mmodzi ali ndi galimoto yabwino, palibe njira yoposa imeneyi. Mumanyamuka nthawi yanu, mumanyamula madzi ochuluka, ndipo mfumu ikati mudikire, mumadikira. Koma galimoto zimasiyana.

Galimoto yaing'ono yapansi, kuphatikizapo Sienta imene ambiri amaikonda chifukwa cha mipando 7, imayenda bwino pa phula ndipo siidya mafuta. Vuto lake limayamba mukadzaza anthu 7 ndi katundu: imakhala pansi, ndipo mukangosiya phula kulowa njira ya kumudzi imakhula mimba pa mizere ya ngolo ndi m'makhwawa a mchenga. Ngati ndiyo muli nayo, kwerani asanu basi, ndipo mukafika ku Nsanje isiyeni pamalo ogona, gawo lotsalalo mukwere kabaza. Pikapu kapena galimoto ina yokwera m'mwamba imafika paliponse nthawi ya chilimwe, ngakhale isakhale yokoka matayala onse anayi. Koma anthu asakhale kumbuyo kwa pikapu pa dzuwa la kuchigwa kwa maola anayi. Akafika atatheratu, mutu ukuwawa, ndipo apolisi a pamsewu akakuimitsani.

Mafuta muwerengere makilomita 400: kupita, kubwerera, ndi timaulendo ta pakati. Galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita imodzi ifuna malita pafupifupi 34. Pikapu yoyenda makilomita 9 pa lita ifuna malita 45. Onjezani malita 5 ngati mudzayatsa choziziritsira mkati njira yonse. Dzazani thanki ku Blantyre, ndipo mukapeza mafuta pa Nchalo popita, dzazaninso. Malo omwetsera mafuta alipo ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje, koma mafuta akavuta m'dziko, kumunsi ndiko amathera msanga ndipo amabwerera mochedwa. Mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala osakaniza ndi parafini kapena madzi, ndipo injini imayamba kutsokomola muli pakati pa Sorgin ndi Bangula.

Chimene chimapha anthu pamsewu uwu ndi phiri. Blantyre ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, pamene Thabwa sapitirira kwenikweni mamita 100, ndipo kutsika konseko kumachitika m'makona otsatizana. Dalaivala wosazolowera amaponda buleki kuyambira pamwamba osachotsa phazi. Mapadi amatentha, mafuta a mabuleki amawira, ndipo pa kona yotsatira phazi limangolowa mpaka pansi galimoto osaima. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi akakhalitsa, n'chifukwa chake akale amawira msanga. Ngati papita zaka ziwiri osasintha, sinthani ulendo usanafike. Potsika ikani giya yachiwiri, pena yachitatu pomwe mtsetse wachepa, injini ndiyo igwire galimoto. Ya otomatiki ichotseni pa D muiike pa 2 kapena L. Pondani buleki mwamphamvu pang'ono musanalowe kona, kenako chotsani phazi kuti apume. Kuika nyutulo kapena kuzimitsa injini pofuna kupulumutsa mafuta ndi kudzikumbira manda. Mukamva fungo ngati la nsalu yopsa, imani pamalo otakasuka, ikani mwala kutsogolo kwa tayala, mudikire mphindi 30. Musathire madzi pa mabuleki otentha chifukwa chitsulo chimapindika kapena kusweka.

Matayala muwayeze mpweya mmamawa asanatenthe, molingana ndi nambala yolembedwa pakhomo la dalaivala. Masana mpweya umakwera wokha chifukwa cha kutentha kwa phula, musautulutse. Tayala lofooka ndi limene limaphulika, chifukwa limapindika kwambiri poyenda n'kutentha. La sipeya likhale lopopa, jeke ndi sipanala zikhale zoti mwaziyesa kunyumba, osati kukazindikira ku Tengani kuti sipanala siikwana. Tengani pampu ndi kathabwa kolimba koika pansi pa jeke, chifukwa pa mchenga jeke imamira. Onjezani fanibeluti yapadera, oilo lita imodzi, ndi chigubu cha malita 5 cha madzi a rediyeta chosiyana ndi akumwa. Mapepala akhale okwanira: laisensi, inshuwalansi, COF, matrayango awiri ndi chozimira moto. Pa Thabwa pali rodibuloko, ndipo ena mudzawapeza kutsogolo.

Kuipa kwa njira imeneyi n'kwakuti mtolo wonse umagwera mwini galimoto. Gwirizanani musananyamuke kuti mafuta mugawana mofanana, ndipo ngati tayala liphulika kapena china chiwonongeka panjira, mudzasonkha nonse. Pakhalenso dalaivala wachiwiri wokhala ndi laisensi. Kutentha kumagonetsa, makamaka pa msewu wowongoka wa pakati pa Nchalo ndi Bangula, munthu atadya nsima ya masana.

Minibasi yahayala

Gulu likapitirira anthu 8, galimoto ziwiri zimavuta kuyendetsa limodzi, ndipo hayala imayamba kukhala ndi nzeru. Mumayenda pamodzi, palibe amene akuika galimoto yake pachiswe, ndipo dalaivala wa msewu wa Chikwawa amalidziwa phiri kuposa inu. Sankhani minibasi imene imayenda msewu womwewu tsiku ndi tsiku, osati ya m'tauni yozolowera Limbe ndi Ndirande.

Pomwe anthu amakanganirana ndi pa mgwirizano. Mwini minibasi amawerengera tsiku, ndipo dalaivala amafuna kuti dzuwa likamapendeka akhale akukwera phiri. Mfumu ikachedwa, iye amayamba kuyang'ana wotchi, ndipo inu mumalowa mumsitu mtima uli m'mwamba. Choncho pokambirana mtengo nenani poyera zinthu izi: kuti ulendo ndi wa masiku awiri, kuti mafuta agula ndani (pa makilomita 8 pa lita, ndi malita pafupifupi 50), kuti dalaivala agona ndi kudya pa thumba la ndani, kuti minibasi ilowa njira ya fumbi kapena ithera pa phula, ndiponso kuti sanyamula anthu ena panjira. Chomalizachi n'chofunika. Mpando ukangotsala, kondakitala amauona ngati ndalama yotayika, ndipo mudzapezeka mukuima pa siteji iliyonse. Lembani zimenezi pa pepala kapena pa WhatsApp, perekani theka la ndalama ponyamuka, theka lina pobwerera.

Ionereni nokha minibasiyo dzulo lake. Yang'anani matayala onse asanu, funsani za mapepala onyamulira anthu, ndipo tsegulani mazenera onse. Zenera lokanika kutseguka ku Blantyre ndi nkhani yaing'ono. Ku Ngabu ndi chilango. Kumbukiraninso kuti m'minibasi zambiri injini ili pansi pa mpando wakutsogolo, ndipo wokhala pakati amapsa miyendo. Pamenepo ikanipo katundu, osati munthu.

Minibasi za aliyense ndi kabaza

Iyi ndiyo njira yotchipa, ndipo kwa anthu awiri kapena atatu odziwa kupirira si yoipa ayi. Mumakwera pa siteji ya ku Chikwawa mu Blantyre. Yolunjika ku Nsanje ikapezeka ndi mwayi. Kawirikawiri mumatsitsidwa pa Nchalo kapena Bangula n'kukupatsirani ina, ndipo iliyonse imadikira kuti idzaze. Werengerani maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Mukafunsa mtengo, funsani wa mpaka ku Nsanje, ndipo akamakusinthani galimoto onetsetsani kuti makondakitala awiriwo apatsana ndalama yanu inu mukuona.

Ubwino wake wina sauoneka pa ndalama. Mumakhala ndi anthu a komweko, mumamva Chisena ndi Chimang'anja, ndipo mukafika ku Nsanje mumakhala mutadziwa kale kuti mapira a chaka chino anachita bwanji ndiponso kuti mfumu ili pamudzi kapena ayi. Wofika pa kabaza salowanso m'mudzi ngati bwana. Koma simunganyamule madzi okwanira, simungapatuke kukaona malo ena a Mbona, ndipo gulu la anthu 6 kapena kupitirira limagawikana m'minibasi ziwiri n'kumafunana pa foni. Wina akadwala usiku, mulibe chokwera.

Ku Nsanje kabaza alipo wa njinga yakapalasa ndi wa njinga yamoto. Chigwa n'chosalala, choncho yakapalasa imakwanira ngati mwanyamuka kusanatenthe. Gwirizanani mtengo wa kupita, kudikira ndi kubwerera, osati wa kupita kokha, chifukwa kumudziko simudzapeza wina wokubwezani nthawi imene mukufuna. Mwini malo amene mwagona akhoza kukulozerani wa kabaza wodalirika.

Njinga yamoto kuchokera ku Blantyre

Sitikulimbikitsa, pokhapokha kwa ozolowera maulendo ataliatali, aliyense pa njinga yake, ndi chipewa cholimba. Mphepo imaumitsa thukuta musanalimve, ndiye mumatha madzi m'thupi osazindikira. Pa Nchalo pali mathirakitala ndi malole a nzimbe, m'midzi yonse muli mbuzi ndi ng'ombe zodumpha msewu, ndipo tinjinga ta kabaza tonyamula anthu awiri timatentha injini pokwera phiri. Pofika mumakhala otopa moti za kachisi simuzimvanso.

Kupita n'kubwerera tsiku lomwelo, kapena kugona?

Apa ndi pomwe magulu ambiri amalakwitsa. Pa pepala zimaoneka zotheka: kunyamuka 5 koloko, kufika 9 koloko, kubwerera 2 koloko. Zoona zake n'zakuti mumafika dzuwa litakwera kale, mumayamba kufunafuna amene munapangana naye, mumakhala pansi pa mtengo kudikira akuluakulu asonkhane, ndipo pomwe mukuloledwa kulowa ndi masana, mchenga ukuwotcha mapazi opanda nsapato. Pobwerera mdima umakupezani pakati pa Ngabu ndi Dyeratu, pomwe njinga zopanda magetsi, ngolo ndi ziweto zimadzaza msewu, kenako mukwere phiri usiku dalaivala atakhala maso maola 15. Ulendo wotere musaupange.

Kugona usiku umodzi ndiko kochepetsetsa. Tsiku loyamba nyamukani 6 koloko, kutacha, kuti phiri mulitsike mukuona. Pumani pa Nchalo, fikani ku Nsanje masana, pezani malo ogona, ndipo madzulo dzuwa litafewa awiri a inu apite kukaonekera kwa mfumu ndi kutsimikiza za mawa. Tsiku lachiwiri mukhale pamudzi 7 koloko isanakwane, ndipo pofika 1 koloko mukhale mutayamba ulendo wobwerera. Ngati thumba likulola, gonani masiku awiri. Tsiku lowonjezeralo ndi limene limakupulumutsani akakuuzani kuti mubwere mawa, ndipo ngati zonse zayenda bwino mukhoza kukwera ku Chididi, kumapiri a kumadzulo kwa boma, kumene kuli mishoni yakale ndi kamphepo kozizira, kapena kupatukira ku nkhalango ya Mwabvi pafupi ndi Bangula. Ku Mwabvi pitani ndi galimoto yokwera m'mwamba ndipo muyende ndi msilikali wa zanyama.

Gonani ku Nsanje, osati ku Nchalo. Ku Nchalo malo ogona ndi ambiri, mabanki alipo, koma mumatsala ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo phindu lonse logona limatha. Posankha chipinda musayang'ane kanema. Yang'anani neti ngati ilibe zibowo, fani ngati ikuzungulira, ndiponso ngati m'bafa muli ndowa ya madzi. Neti yanu yapadera ndi chingwe sizilemera. Udzudzu wa ku Nsanje sudikira dzinja, ndipo amene angamve kutentha thupi patapita sabata imodzi kapena ziwiri atabwerako akayezetse malungo msanga.

Mwezi uti?

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndiyo nthawi yabwino. Njira zauma, usiku umagoneka, masana kumatentha koma kopiririka. Chosamala ndi chiperoni: mu Juni ndi Julayi pamwamba pa phiri pamagwa nkhungu ndi mvula yowaza, phula limaterera, choncho yatsani magetsi ndipo musapitirire lole pa kona.

Seputembala mpaka Novembala ndi pomwe chigwa chimaoneka ngati chipululu chenicheni, ndipo ndi pomwe munthu amamvetsa chifukwa chake anthu a kuno anaika mtima wawo wonse pa mvula. Ukaima kunja kwa Khulubvi nthawi imeneyi, minda yonse ili mbee, n'kuona msitu uli bii ndi mitengo ikuluikulu imene nkhwangwa sinaikhudze, sufunanso wokufotokozera. Koma kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo si nyengo yotengera ana aang'ono, okalamba kapena odwala BP ndi shuga. Ndi nthawinso imene eni malo amakhala ndi zawo zokhudza mvula, ndipo akhoza kukana alendo.

Disembala mpaka Malichi siyani. Chigwa chinasefukira mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 ndi namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 ndi Ana, ndiponso mu Malichi 2023 ndi Freddy, ndipo M1 imaduka anthu n'kukhala masiku tsidya lina. Ngakhale chaka chopanda namondwe, mvula ikagwa kumapiri mitsinje imadzaza mwadzidzidzi kumunsi kuli dzuwa, ndipo dothi la makande likanyowa limagwira matayala ngati ulimbo.

Madzi ndi chakudya

Munthu mmodzi malita 4 patsiku m'miyezi yozizira, malita 5 kapena 6 m'chilimwe. M'miyezi yozizira, anthu asanu masiku awiri ndi zigubu ziwiri za malita 20, kuwonjezera mabotolo a m'manja. Madzi a m'mijigo yambiri kuchigwa ndi amchere, ndipo mlendo amavutika nawo m'mimba. Kutani zigubu ndi thumba la ziguduli lonyowa kuti madzi asafunde. Tengani mapaketi a Thanzi ORS. Akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Mnzanu akayamba chizungulire, kusanza kapena kulankhula zosamveka, mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi thupi lonse, mumupepese ndi chitenje, ndipo muthamangire naye kuchipatala. Zipatala zili pa Chikwawa, St Montfort pa Nchalo, Ngabu, Kalemba pa Bangula, ndi cha boma ku Nsanje.

Chakudya musavutike kunyamula chambiri. Nsima ya makakana kapena mlamba, nyama ya mbuzi, masau ndi malambe mudzazipeza panjira. Chophikidwa kunyumba chokhala ndi mayonezi kapena mpunga wa dzulo chimasasa m'galimoto pasanathe maola atatu. Mowa usiyeni mpaka mutabwerako kumsitu. Munthu wonunkha mowa salowa pamalo otere. Ndipo ngakhale kutenthe bwanji, mu Shire musasambe kapena kutsuka mapazi. Ng'ona za kumeneko zimagwira anthu chaka chilichonse.

Pofika pamudzi

Galimoto iimikeni patali, wailesi muzimitse, muyende wapansi. Sankhani mmodzi, wamkulu pa nonse, akhale mlomo wa gulu. Khalani pansi pomwe akulozerani, amayi atavala zitenje, abambo atavula zipewa, ndipo muombe m'manja popereka moni. Wolankhulayo asayambe ndi za kachisi. Anene kaye kumene mwachokera ndi amene wakutumizani, kenako: "Agogo, ife ndife ana anu, tabwera kudzapempha njira. Ngati n'kotheka mutilole tione nawo pamalo, ngati sikotheka tidzamva kwa inu." Kwa nyakwawa ndi kwa mfumu nenani "a Mfumu", kwa amayi achikulire, "agogo" kapena "amayi". Pothokoza, mawu a Chisena akuti "takhuta" amatsegula nkhope za anthu.

Funsiranitu kwa amene akukulumikizani kuti mutenge chiyani. Mtundu wa Mbona ndi wakuda, mtundu wa mitambo ya mvula, choncho aliyense akhale ndi nsalu yakuda ya biriwita ya mamita awiri, ndipo zovala zofiira ndi zonyezimira zitsale m'chikwama. Nsapato mudzavula. Ndalama ya ulemu isonkhedwe pamodzi, iperekedwe ndi manja awiri ndi mlomo wa gulu uja, osati aliyense kutulutsa yake. Mkati musathyole tsamba, musatole nkhuni, musagende nyani kapena njoka, ndipo musapite pomwe sanakuuzeni. Foni ikhale m'thumba mpaka mutapempha, ndipo akakana kujambula, nkhani yathera pomwepo. Akanena kuti wakutiwakuti atsale kunja, kapena kuti nonse muthere pamalire a msitu, landirani osafunsa kawiri.

Nkhani ina ikambidwe musanachoke kunyumba. Pagulu pakhoza kukhala mnzanu amene chikhulupiriro chake sichimulola kuvula nsapato pa kachisi wa makolo. Ameneyo asakakamizidwe, ndipo iyenso asakasandutse pamudzi pa eni ake kukhala guwa lolalikira. Atha kutsala ndi galimoto pamthunzi, kapena kukapemphera kutchalitchi kwake pa boma, n'kukumana nanu masana. Apanso galimoto yanu kapena yahayala imaposa minibasi, chifukwa wotsalayo amakhala ndi pokhala ndi madzi akumwa.

Tikaziika pamodzi: anthu anayi kapena asanu atenge galimoto imodzi yokwera m'mwamba, madalaivala awiri, agone ku Nsanje, mwezi wa Juni kapena Julayi. Gulu lalikulu lipange hayala ya masiku awiri yolembedwa. Awiri kapena atatu a thumba lochepa akwere minibasi ndi kabaza, koma aonjezere tsiku limodzi.

Kukwera phiri pobwerera

Potsika mumaopa mabuleki, pokwera muope injini. Imani pa Dyeratu kapena pa Thabwa mphindi 20, galimoto ipume, muone madzi m'kabotolo ka pambali pa rediyeta osatsegula chivindikiro cha rediyetayo. Poyamba chitunda zimitsani choziziritsira mkati, tsegulani mazenera, ikani giya yotsika kuti injini izizungulira momasuka, ndipo diso likhale pa muvi wa kutentha. Ukayamba kukwera kupitirira pakati, yatsani hita mpaka kumapeto ngakhale mkati mutenthe, chifukwa imachotsako moto ku injini. Ukafika pofiira, patukani pomwe obwera mbali zonse angakuoneni, ikani miyala kumbuyo kwa matayala ndi matrayango kutsogolo ndi kumbuyo, mudikire mphindi 30 musanakhudze chivindikiro, ndipo pochitsegula muchigwire ndi chinsanza chokhuthala, pang'onopang'ono. Madzi athireni injini ikulira kuti ozizira asagwere pa chitsulo chotentha nthawi imodzi. Konzani nthawi yanu kuti pa Thabwa mudutse 4 koloko isanakwane, phiri lonse mulikwere kukuwala.